Valavu ya Njinga ya Bambo

Valavu ya njinga ndi kanthu kochepa, sikafika n'chala chaching'ono chomwe. Ine ndinakabisa m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo mpaka lero fungo la mafuta amenewo limandibwezera ku chilimwe cha chaka chimene bambo anamwalira.

Ndale za zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Bambo anasiya njinga yakuda imene ankapitira kuchigayo ndi kumsika wa ku Chezi. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, ananena pamaliro pomwepo kuti adzaitenga akamaliza kugulitsa fodya, poti pakhomo pathu panalibenso mwamuna woikwera. Mayi anali atapitirira zaka makumi anayi. Anayankha maso ali pansi: "Ndiziikwera ndine, alamu." Bambo aang'ono anaseka, nati akadzaona ndi maso awo adzaisiya.

Kwathu mayi wamkulu sankapalasa njinga, ankangokwezedwa pakaliyala. Komanso kwathu n'kumapiri, malo osalala anali bwalo la mpira la pasukulu pathu basi. Choncho mayi ankaphunzirira pamenepo, m'mawa, ife tili m'kalasi, atavala buluku la bambo mkati mwa chitenje. Ankagwa ngati thumba la chimanga. Mawondo anali zilonda zokhazokha, ndipo fumbi lofiira linkakanirira m'tsitsi lawo limene linali litangoyamba kumera chimetereni pamaliro.

Tsiku lina aphunzitsi athu anasiya choko n'kuima pawindo. "Bwerani mudzaone demokalase ikugwa," anatero. Kalasi yonse inafa nazo kuseka. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Demokalase, ndipo atsikana anzanga akandiona ankadzigwetsa dala m'fumbi, miyendo m'mwamba. Lero ndine wamkulu kuposa mmene analili aphunzitsiwo, koma sindinawakhululukirebe. Pa nthawiyo sindinkadana ndi iwo ayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amene ndinkadana nawo anali mayi anga.

Loweruka lina ananditenga kuti ndikawagwirire kaliyala. Ndinagwira monyinyirika, kenako ndinangosiya dala kuti agwe. Sanagwe. Anapita mpaka kugolo la uko, anakhota mogwedezeka, n'kubwerera akuseka mokweza, koyamba chimwalirireni bambo. "Wandiona?" ankafunsa akupuma wefuwefu. "Mwana wanga, wandiona?" Pabwalo ponse panalibenso munthu wina.

M'mawa wa tsiku limene bambo aang'ono ankabwera, mayi ali kumjigo, ndinamasula valavu ya tayala lakumbuyo. Mphepo inatuluka ikununkha labala. Ndinkaganiza kuti njinga ikachoka, dzina lija lichokanso.

Bambo aang'ono atafika, mayi anapopa mpaka thukuta linadontha pachibwano, tayala osamva. Ataona kuti valavu palibe, anapempha kuti akabwereke ina kutsidya. Bambo aang'ono anati alibe nthawi yodikira masewera, ndipo anatembenukira kwa ine.

"Iwe, mwana sanama. Amayi akowa amakwera?"

"Amangogwa," ndinatero.

Mayi sanandiyang'ane. Anapukuta chishalo ndi nsonga ya chitenje, n'kupereka njingayo ndi manja awiri. Bambo aang'ono anaikankha kutsika phiri, tayala lakuphwa likulira pamiyala.

Dzina lija silinachoke. Ndinakhala Demokalase mpaka Sitandade 8. Mayi anabwereranso kusenza chimanga pamutu popita kuchigayo, ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Patapita masabata angapo, akundidzoza mafuta pokonzekera kutchalitchi, chala chawo chinakhudza kanthu kolimba pansi pa kabotolo kaja. Anakatulutsa, anakapukuta bwinobwino, anakaika m'dzanja langa n'kupinda zala zanga. Kenako anapitiriza kundidzoza kumaso. Dzanja lawo linali lofewa monga mwa masiku onse.

Chaka chotsatira mayi anayamba sukulu ya kwacha, mpaka anadziwa kulemba dzina lawo. Ndinazimvera kwa anthu ena. Pambuyo pake anaphunzira kusoka pamakina, ndipo izonso ndinangoona madiresi atapachikidwa. Ine ndinkasangalala kuti ndinapulumuka chikwapu, ndiponso kuti asiya kundichititsa manyazi. Sindinkadziwa kuti mayi sanasiye kanthu. Anangosiya kundifunsa ngati ndawaona.