Nkhuni za Maliro a Munthu Wamoyo

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Ndiye amuna anga atagwa pa ngolo ya chimanga ku Bundabunda n'kumenyetsa mutu pamwala, ndinakwera nawo ambulansi mpaka kuchipatala chachikulu ku Lusaka, chitenje m'chiuno, kukawadwazika. Koma pakhomo la chipinda cha odwala mwakayakaya nesi ananditsekera njira.

"Amai, muno simugona wodwazika. Muzibwela cabe pa nthawi yoona odwala."

"Nanga aziwayang'anira ndani?" ndinafunsa.

Anandilozera kompyuta pambali pa bedi, mawaya ake ali kumutu ndi pachifuwa pa amuna anga. Akuti inaphunzitsidwa ndi mbiri za odwala ubongo ambirimbiri, ndipo ikaona kuti m'mutu mwayamba kutupa imachenjeza adokotala thupi lisanaonetse. Ine ndinapsa mtima. Munthu ndimamudziwa ndi katsokomoledwe komwe, lero chindilande malo chiwailesi! Ndinakakhala pabenchi panja ndikung'ung'udza.

Kumudzi sanadikire. Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anandiimbira foni: "Mlamu, limbani mtima. Mipando tatulutsa m'nyumba, nkhuni anyamata atuta kale." Nkhuni za maliro, munthu akupuma! Ndinadula foni.

Tsiku lina masana ndinalowa kukaona amuna anga. Anagona phee, nkhope ili myaa, moti ndinauza nesi kuti lero ndiye aliko bwino. Ndisanatseke pakamwa kompyuta ija inalira. Adokotala anabwera, anayang'ana, n'kulamula kuti akajambulidwe mutu. Anapeza magazi akuunjikananso mkati, ndipo anathamangira nawo ku opaleshoni. Atatuluka, adokotala anandiuza kuti akanadikira zizindikiro zooneka ndi maso, bwenzi atachedwa.

Ine ndinali pomwepo, dzanja la amuna anga lili m'manja mwanga, koma sindinaone kanthu. Ndinalira, abale. Ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza adokotala, ndipo sindichita manyazi kunena kuti kompyutayonso ndinaithokoza mokweza. Nesi uja anaseka: "Lelo mwamvana na mukazi munzanu?" Ndinamuuza kuti wotereyu akhale, sindimuthamangitsa.

Tinabwerera kumudzi kuzizira kusanathe. Amuna anga ankakoka mwendo, mawu akutuluka limodzilimodzi, koma ana onse anawatchula mayina. Mipando tinaipeza itabwezedwa mwakachetechete. Mulu wa nkhuni wokha ndiwo unali pomwepo kuseri kwa nkhokwe, chifukwa panalibe wolimba mtima kuukhudza. Alamu anabwera maso ali pansi, akuti anyamata akazitaye kutali. Amuna anga anakana ndi dzanja.

"Zisiyeni, akulu. Si zanga kodi? Ndiziotha ndekha."

Anaziothadi m'mawa uliwonse mpaka chikuni chomaliza, ine ndili pambali pawo kusonkhezera.