Mai Risiki ndi Lole ya Amuna Awo

Asanatchedwe Mai Risiki, anali mayi wosita zovala pa hotela ina, wofatsa, woopa ngakhale kuwoloka msewu. Amuna awo ndiwo ankayendetsa lole, kunyamula njerwa, mchenga ndi katundu wa anthu osamuka. Tsiku lina bambowo anagwa akumanga katundu n'kuvulala msana, ndipo adokotala anawaletsa kugwiranso chiwongolero. Lole ija inangokhala pabwalo, matayala akuphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Mlamu wawo, makaniko wokonda kuponya Chingerezi, anabwera ndi munthu woti aigule. Mayiwo anakana, nati aziyendetsa okha.

"Alamu, imeneyo ndi risiki," anatero makanikoyo.

Atamufunsa tanthauzo, anati ndi kuika moyo pachiswe. Koma mwana wamkazi wa mayiwo, telala wosokera pakhonde, anaimitsa makina n'kutsutsa. Anati mawuwo sanena za kugwa kokha: ukhoza kugwa, ukhozanso kutulukira poyera, ndipo eni chinenerocho amati risiki amachita kutenga, maso ali gwa.

"Ngati amachita kutenga, ine ndatenga," anatero mayiwo, n'kulowa kukafuna makiyi.

Anawaphunzitsa ndi amuna awo, atatsamira pilo pampando wa pambali, akubuula pa bampu iliyonse. Lole inkadumpha ngati chule. Geti la aneba linagwa, mayeso a laisensi analephera koyamba, koma anabwererako mpaka anakhoza.

Pamalo oimika malole madalaivala anawalandira ndi phwete, ndipo dzina lija la Mai Risiki linabadwira pomwepo. Mayiwo analilandira ndi manja awiri, mpaka analilembetsa pachitseko ndi penti yofiira. Posakhalitsa amayi osamuka anayamba kufuna iwo okha, chifukwa m'lole mwawo mbale ndi magalasi zinkafika zamphumphu.

Komabe si chilichonse chimene ankavomera. Kontirakitala wina anafuna kuti anyamule antchito ake pamwamba pa mchenga, mvula ikugwa, ndipo atakana anawaseka kuti dzina lawo ndi lachabe. Iwo anazimitsa injini n'kumuyang'ana.

"Bambo, risiki ndimatenga yanga. Ya ana a eni sinditenga."

Lero imvi zayamba, koma m'mawa uliwonse amakwera okha osagwiriridwa. Foni ya ntchito amayankha ndi amuna awo ali pakhonde, ndipo munthu akafunsa dalaivala, amamuuza monyada kuti adikire pang'ono, mayi ali kunsi kwa lole akusintha oilo.