Choko Chimene Ndinatsuka pa Matayala

Ntchito yanga yoyamba ku Joni ndinaipeza ndi ndowa m'manja. Kunali kumapeto kwa 1995, nditatha miyezi itatu ndikugona pansi m'chipinda cha msuweni wanga ku Reiger Park, m'mawa uliwonse n'kumayenda wapansi kukaima pa mageti a mafakitale ku Wadeville. Ndinali bambo wa zaka 28, mkazi ndi ana awiri ndinawasiya ku Ntcheu, ndipo luso langa lonse pa dziko lapansi linali kutsuka galimoto, poti ndiwo maganyu amene ndinkagwira ku Limbe.

Tsiku lina ndikubwerera chimanjamanja, ndinaona baki, kapena kuti pikapu, yamatope itaima pa galaja ina ku Elsburg. Njala imachotsa manyazi. Sindinapemphe munthu, ndinangotola ndowa pampopi n'kuyamba kutsuka, uku ndikung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Ndiye ndinangomva mawu kuchokera pansi pa galimoto ina: "Kodi amene akuwononga nyimbo ya kwathuyu ndani?"

Anatuluka bambo wamfupi, wa imvi, ovololo ili bii ndi girisi. Awa anali a Makwinja, a ku Dedza. Anabwera kudzagwira m'migodi ali mnyamata, osabwereranso, ndipo anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali makaniki wa mwini galajayo, Mbunu wina amene tinkamutchula bwana Kobasi. Anandifunsa kwathu, anayang'ana m'mene ndatsukira, analowa muofesi, n'kutuluka akuti, "Mawa seveni koloko, mphwanga. Koma kuimbako ukasiye kunyumba."

Mkati mwa sabata galajayo inkakonza galimoto za anthu, koma mtima wa bwana Kobasi unali pa mabaki awiri a mpikisano amene ankakhala kuseri. Kunja ankaoneka ngati mabaki onyamula simenti omwewa. Mkati munalibe kanthu, mpando umodzi basi, malamba, ndi mapaipi achitsulo owotcherera mozungulira dalaivala. Injini ikalira, chifuwa chinkanjenjemera. Ankathamangira pa bwalo la phula looneka ngati dzira, lopendekera m'makona, lokhala ndi khoma la konkire kunja kwake. Pa bwalo lotere galimoto imakhotera kumanzere kokhakokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ine anandipatsa za matayala. Ndinaphunzira kukweza ndi jeke n'kuika zogwiriziza, kumanga manati modumphitsa osati motsatana, kumaliza ndi sipanala yaitali ija yolira kuti tha ikafika pa mulingo, ndi kuwerenga geji ya mpweya. Koma chimene chinandizunguza mutu ndi chakuti matayala awiri akumbuyo sankayenera kufanana. A Makwinja anatenga ndowa yanga yomwe, anaigoneka pansi n'kuikankha. Ndowayo inagubuduka mokhota.

"Waona? Kukamwa n'kwakukulu, kumatako n'kwakung'ono, ndiye ikukhota yokha. Ifenso tayala lalikulu timaika kumanja, kumbali ya khoma. Laling'ono kumanzere. Ukasinthanitsa, baki ifuna khoma."

Kusiyana kwakeko n'kochepa, zala ziwiri kapena zitatu ukazunguliza tepi, moti ndi maso sungakuone. Tayala lofuna kukulitsa tinkalipopa kwambiri n'kuliyanika padzuwa, kenako n'kuliphwetsa kubwerera pa mulingo wa linzake. A Makwinja ankazunguliza tepi pa tayala lililonse n'kulemba ndi choko chachikasu m'mbali mwake, muyezo ndi malo ake. Tepiyo inkakhala m'thumba mwawo.

Bambo amenewa anandisunga, ndinene zoona. Loweruka ankapita nane kwawo ku Daveyton kuti ndikadye chakudya chapakhomo, ndipo akazi awo, mayi wachizulu, ankanditcha sibali, kutanthauza mlamu. Ndi kumeneko kumene ndinaona chisoti cha mpikisano chili pamwamba pa wadirobu, chokulungidwa m'thaulo. A Makwinja anachigula kalekale. Zaka zonsezo ndiwo ankayesa mabaki Lachinayi masana bwalo likakhala lopanda anthu, ndipo bwana Kobasi ankadziwa kuti amathamanga kuposa mwana wake, amene ankayendetsa baki yachiwiri pa mipikisano. Koma m'masiku a tsankho munthu wakuda pamalo pake panali pansi pa galimoto, osati pa chiwongolero.

Chaka chatsopano chitalowa, mwana wa bwana Kobasi anasamukira ku Durban, baki yachiwiri n'kutsala yopanda dalaivala. Anyamata achizungu angapo ankaifuna. Bwana Kobasi anaitana a Makwinja ine ndili pomwepo. "Mpikisano wotsegulira nyengo uyendetse ndiwe. Ukamaliza bwino, ndi yako chaka chonse. Ukalephera, sindingathe kuwakaniza enawa." A Makwinja anangoti, "Chabwino, bwana," n'kubwerera ku injini. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwayi wotere sudzabweranso.

Tsikulo linali Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Tinafika m'mawa n'kumanga tenti yathu m'piti, malo amene magulu amakonzerako galimoto. Anthu anadzaza, utsi wa nyama yowotcha uli tolotolo, ndipo kumapeto kwa mipando kunali kagulu ka anthu akuda ochokera ku Daveyton, a mpingo wa a Makwinja, atabwera pa minibasi pamodzi ndi akazi awo achizulu aja. M'mawa a Makwinja anayesa ndi matayala akale, anathamanga bwino kwambiri, n'kupatsidwa malo achisanu poyambira. Matayala anayi a mpikisano weniweni anali pambali, atalembedwa kale choko.

Madalaivala ataitanidwa ku msonkhano wawo, ndinatsala ndekha ndi baki. Ndinaiyang'ana. Thupi lake ndinali nditalipukuta mpaka kumadzionera nkhope, koma matayalawo anali otuwa, fumbi ndi zolembalemba zachikasu. Mumtima ndinati ayi, bambo awa adikira moyo wawo wonse, sangatuluke pamaso pa anthu ndi matayala onyansa chonchi. Kwathu munthu sapita ku ukwati wake ndi nsapato zosapolisha. Ndinalibe china chowapatsa. Matayalawo ndinawagubuduzira kumpopi, ndinawakwecha ndi bulashi ndi sopo, n'kuwapaka polishi m'mbali. Ndinadziuza kuti ndikumbukira lililonse malo ake.

Akutsogolo sanavute, malimu ake, zitsulo zapakati zija, anali osiyana. Koma awiri akumbuyo nditawatembenuza kangapo popaka polishi, n'kuwasuntha kuti ngolo ya gulu lina idutse, ndinaimirira n'kuwayang'ana. Mayo ine! Anali ngati mapasa. Ndinawaimika pamodzi, ndinatsinzina diso limodzi, ndinayeza ndi chikhatho. Palibe.

Mankhwala ake anali apafupi: kupita kwa a Makwinja, kupempha tepi, kuzunguliza. Mphindi ziwiri basi. Koma kupempha tepi kunali kuulula kuti ndachita zopusa. Ndinawaona akubwera kuchokera ku msonkhano, atavala ovololo yoyera yatsopano, chisoti chili m'khwapa, akumwetulira ngati mwana. Ine ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumusokoneza pa tsiku lake ndi nkhani zoipa, umangokonza mwakachetechete. Ndi zimene ndinkadziuza. Zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi, ndinaopanso kuti bwana Kobasi amva. Ndinasankha limene linkaoneka lokulirapo, ndinaika kumanja, ndinamanga manati.

A Makwinja ataona matayala akunyezimira anaseka. "Iwe! Ndikupita ku mpikisano kapena kukafunsira mbeta?" Analowera pawindo, ndinawamanga malamba. Atavala chisoti anandigwira dzanja. "Choko palibe. Ali m'malo mwake?"

"Ali m'malo mwake, akulu."

"Watsimikiza?"

"Eya."

Mawu amodzi amenewo. Ndawamva m'mutu mwanga zaka zonsezi.

Anazungulira kawiri pang'onopang'ono, mabaki ali awiriawiri, kenako mbendera yobiriwira inagwa. Phokoso lake simungalimvetse ngati simunaimepo pafupi, mano amachita kugwedezeka. Pa kona yoyamba ndinaona baki yathu ikukwera m'mwamba kuposa anzake. Bwana Kobasi, amene tsikulo anasiya baki yake kwa mnzake kuti aonerere, anatukwana n'kunena kuti, "Akuchita chiyani? Bwanji sakutsika?" Ine ndinkadziwa. Ndikanatha kumuuza pomwepo kuti akweze bolodi yowaitana kulowa m'piti. M'malo mwake ndinangopemphera kuti mwina azolowera.

Ndipo bambo aja analimbana nayo, inu! Kona iliyonse baki ikufuna khoma, iwo akuikoka. Anatsika kufika pa nambala eyiti, kenako anayamba kubweza, anadutsa mmodzi, anadutsa wina. A ku Daveyton anaimirira, amayi akululutira. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma matayala akatentha amakula, ndipo lalikulu lija, limene ndinaika kolakwika, linakulirakulira. Atazungulira kakhumi ndi kawiri, pa kona yachitatu, baki sinakhote. Inangopita molunjika.

Sindifuna kufotokoza kulira kwa chitsulo pa konkire. Baki ina inawagunda kumbali ya dalaivala. Mbendera yofiira inatuluka, bwalo lonse linati zii, moti ndinamva mawu a akazi awo akukuwa kuchokera kutali. Anawatulutsa podula mapaipi. Ambulansi ikuchoka, ndinamva bambo wina kuseri kwa waya akuuza mnzake kuti, "Ndinanena ine, anthu awa si za iwo izi." Ndinakhala pansi pa phula lotentha n'kulira ngati mwana, ndipo anthu ankaganiza kuti ndikulira chifukwa cha chisoni chokha.

Mawa lake masana ndinapita kuchipatala. Mkono wamanja unathyoka patatu, phewa linaphwanyika. Akazi awo atatuluka kukatenga madzi, ndinagwada pambali pa bedi.

"Akulu, ndine. Matayala aja ndinasokoneza. Sindinkadziwa lalikulu ndi liti. Ndinakunamizani."

Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Ndinadziwa pa kona yoyamba."

"Nanga bwanji simunalowe m'piti?"

"Ndilowe? Anthu onse aja akuyang'ana? Akanati mdala wachita mantha." Anapuma movutikira. "Iwe unachita manyazi kupempha tepi, ine ndinachita manyazi kuima. Tonse ndife zitsiru, mphwanga." Misozi inatsikira m'makutu mwawo, ndipo sakanatha kuipukuta. Ndinawapukuta ndine. Anangowonjezera kuti, "Koma inkathamanga, eti? Unaona m'mene ndinawadutsira awiri aja?"

Lolemba ndinakauza bwana Kobasi zonse. Ndinali nditalongedza kale ovololo yanga. Anafiira mpaka m'khosi, anamenya chitseko cha kabati, anatuluka panja. Atabwerera anati, "Makwinja wanditumizira uthenga kuti ndisakuchotse. Ndikumvera iye, osati iwe. Pita ukagwire ntchito." Kunena zoona, kuchotsedwa kukanandipepukira.

Bwana Kobasi anafotokozera anzake kuti vuto linali la matayala, osati dalaivala. Ena anamva, ambiri analibe nazo ntchito. Ndipo sizikanasintha kanthu, chifukwa mkono uja sunawongokenso. Sunkakwera kupitirira pachifuwa. Baki tinaimanganso, inapatsidwa kwa mnyamata wina wa ku Boksburg. A Makwinja anabwerera kuntchito patatha miyezi inayi, ndipo Loweruka lililonse la mpikisano ankamukonzera mnyamatayo galimoto ndi dzanja limodzi, ine ndikuwagwirira. Ankamulangiza poyambira kukhota, potsikira, ndipo mnyamatayo akapambana ankamuombera m'manja pomenya ntchafu. Sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndinagwira nawo zaka zina zitatu, mpaka pamene anapuma ntchito. Lero ndili ndi malo anga okonzera matayala, ndipo aliyense amene ndamulemba ntchito ndimamuuza chinthu chimodzi tsiku loyamba. Ukathyola chida, tikambirana. Ukachedwa, tikambirana. Koma ndikakufunsa ngati watsimikiza, iwe usakudziwa, unene kuti sindikudziwa, ngakhale kasitomala ali pomwepo, ngakhale ndikuoneka wokwiya. Ena amaseka, amati bwana mumakokomeza, ndi tayala chabe. Ulemu umene ndinkaganiza kuti ndikuwapatsa a Makwinja tsiku lija unali wodziteteza ndekha. Bambo amene anandipezera ntchito anadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti ayendetse pamaso pa anthu, ndipo chifukwa cha ine anazungulira bwalo lija kakhumi ndi kawiri kokha.