Nambala yosinthasintha, dzina limodzi

Lachiwiri ndinatsala pang'ono kuluza danga lino la m'nyuzipepala. Ndinafika ku Lusaka ndi disiketi ya nkhani yanga m'thumba la malaya, mkonzi n'kuilowetsa m'kompyuta, iyo n'kukana. Kaya ndi thukuta la m'minibasi, kaya ndi dengu la tomato limene mayi wina ananditsamiritsa pachifuwa. Mkonzi sanazungulire: nkhani ikapanda kufika nthawi ya nkhomaliro, malo anga aikapo malonda a chakudya cha nkhuku, ndipo sindidzawaonanso.

Kubwerera kwathu ku Chongwe? Maminibasi athu mumawadziwa, sanyamuka osadzaza.

Nkhaniyo inali m'kompyuta ya kunyumba. Kuipeza uli kutali n'kotheka ukadziwa nambala ya kompyutayo, koma makinawa amapatsidwa nambala yatsopano nthawi iliyonse akalowa pa intaneti, ndipo foni ya kunyumba ndi imodzi, intaneti imadzeranso pa waya wake womwewo. Mkazi wanga akalumikiza kompyuta, foni yatsekeka, sangandiuze nambala. Akadula kuti andiimbire, nambala ija yapita. Tinayesapo kale zimenezi mpaka tinagona osalankhulana.

Mwamwayi mlamu wanga, wokonza makompyuta m'tauni, anailembetsa dzina kompyuta yathuyo mwezi watha. Anati ikangolowa pa intaneti imadzinenera yokha nambala yomwe yapatsidwa, ine changa n'kungoitana dzinalo. Tsikulo ndinamuseka kuti akufuna kungotikwezera bilu.

Ndinaimba kunyumba.

"Amake Tisa, yatsani kompyuta, muilowetse pa intaneti."

"Ija nambala yanu futi? Ine sinifuna vokangana lelo."

"Nambala isiyeni. Yatsani chabe, ndipo munthu asagwire foni."

Ndinalemba dzina lija pa kompyuta ya mkonzi. Panapita kanthawi kali zii. Kenako nkhani yanga inayamba kutulukira pang'onopang'ono, mtima wanga n'kukhala pansi. Ndinasangalala ngati mwana, sindibisa. Mlamu uja ndimupititsira tambala.

Pobwerera ndinaganiza za abale athu a m'tauni. Lero ali ku Kalingalinga, lendi ikakwera athawira ku Chawama, osauza munthu. Kukagwa zovuta kuno timatuma wina azikazungulira m'makomboni, kufunsa pamipopi ndi m'matavani. Aneba athu ku Chalimbana, konkuno ku Chongwe, anaika mayi awo posachedwapa, mwana wachisamba n'kudzafika nkhata zapamanda zitauma kale.

Inu amene mwasamuka chaka chino, ndani kumudzi akudziwa khomo lanu latsopano? Mayi anu akadwala mawa, akakufunani kuti?