Mabokosi Atatu a Alamu Anga

A Abednego ndi ang'ono awo a amuna anga. Anabwera kuno ku Mitundu chaka chatha kuti adzakhale sabata ziwiri. Sabatazo sizinathebe.

Ntchito yawo akuti ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Ife a sitandade sikisi timangoona munthu wandevu atakhala pachulu kuseri kwa khola, pamene netiweki ya intaneti imagwira, akukalipira laputopu. Khasu amati limaumitsa zala.

Chaka chino gulu la alimi a nkhuku ku Nathenje linati liwalemba ntchito ngati pulogalamu yawo, yokumbutsa anthu pafoni za katemera wa chitopa, ingagwire pamaso pa komiti. Amuna anga anali atanena kale kuti zikakanika, alamu abwerere kumudzi akalime fodya.

Tsiku lina ndikuswa mtedza anayamba kundifotokozera, ine osafunsa. Pulogalamuyo akuti ili ngati bokosi lalikulu. M'kati mwake muli bokosi la mnzawo wa ku Lilongwe lotumiza mauthenga, m'kati mwa limenelonso muli lachitatu, la mawu a Chichewa.

"Timati sabumodyulo, alamu. Koma lalikulu silinyamula laling'ono ayi. Limangosunga kakalata konena kumene laling'onolo lili pa intaneti."

"Ndiye ndi bokosi lopanda kanthu?"

"Simungamvetse."

Ndinavomera, n'kupitiriza mtedza wanga.

Tsiku la komiti kunacha ndi mvula. Anavala jekete la akulu awo, laputopu n'kuisiya pabedi kuopa kuti inganyowe pakabaza. "Zonse ndatumiza pa intaneti, ndikangotsitsira pakompyuta yawo," anatero.

Cha m'ma 11 foni yanga inalira. Mawu awo anali atachepa.

"Amake Masozi, mwatanganidwa?"

Kuja bokosi loyamba linatsika, lachiwiri linatsika, lachitatu linakana. Dzulo lake anakonza mawu m'lachitatulo, nalemba makalata onse olozako, natumiza mabokosi awiri akunja. Lam'katilo anaiwala kulitumiza. Linali m'laputopu pabedi pano, makalata akuloza pamene palibe kanthu, komiti ikudikira.

Ndinabereka Masozi, ambulera padzanja, laputopu m'chitenje, ulendo wa pachulu. Anandiuza chilembo chimodzichimodzi, kulowa bokosi, kulowanso lina, kenako mawu otumizira. Ndinkasaka zilembozo ndi chala chimodzi, mwana akukoka duku. Ndinalakwitsa kawiri. Sanandikalipire, ndipo tsiku limenelo ndinamva "chonde" wambiri kuposa chaka chonse.

"Palembedwa chiyani?"

"Zachingerezi zambiri, ndi 100."

Foni inaduka.

Ntchito anaipeza, ayamba Lolemba. Madzulo anauza akulu awo kuti panali kavuto kakang'ono ka ukatswiri, koma anaimbira ofesi yawo ya ku Mitundu ndipo inakonza msangamsanga. Ofesiyo inali pakhonde, ikuyanika chitenje chonyowa. Za kusamuka sanatchule.