Mayi Vopat Akana Mpando Wachinayi

Kuno ku Ellery, ngati munagulitsako tirigu ndiye kuti Mayi Lorraine Vopat munawaona. Ndi aja ankakhala pakawindo ka sikelo kunkhokwe za alimi, magalasi ali pamphuno, kuyeza malole kuyambira ali mtsikana mpaka imvi mbuu. Sanali munthu wa zonena zambiri, ndipo akati ayi, ngakhale mubwere ndi ansembe, ayi wawoyo sankasuntha. Amuna awo atamwalira, anthu anayamba kuwanyengerera kuti aime nawo pa chisankho cha bodi yoyang'anira koleji ya m'dera lathu. Iwo anakana, nati sukulu anailekezera panjira, ndiye akanena chiyani kumeneko? Koma Bambo Dreiling, mnzawo wa kutchalitchi wogulitsa matayala, amene anali kale m'bodimo, anawauza kuti anthu oyankhula alipo kale okwanira, chikusowa ndi munthu wodziwa kukana. Anaima, ndipo anapambana mosavuta.

Bodiyi ili ndi anthu asanu ndi awiri, osankhidwa ndi ife eni dera, ndipo salandira malipiro. Ndiwo amalemba ntchito mkulu wa koleji, ndiwonso amavomereza chotsegula ndi chotseka. Koma mphamvu zonsezi zimakhalapo pokhapokha akakhala pamodzi pamsonkhano. Membala akakhala yekha sangalamule ngakhale wosesa. Mayi Vopat anaziphunzira zimenezi mochititsa manyazi, chifukwa atangosankhidwa anapita kukauza anyamata okonza pamalo kuti akwirire maenje a poimika galimoto. Mkulu wa koleji anawaitanira tiyi n'kuwafotokozera mwaulemu kuti maenjewo si a bodi. Anatuluka nkhope ili gwaa, koma sanadzabwerezenso.

Lamulo limene linawavuta kwambiri ndi lina. Kuno mamembala anayi, poti ndiwo ochuluka pa asanu ndi awiri, saloledwa kukambirana za koleji kwina kulikonse kupatula pamsonkhano umene anthu onse aitanidwa. Akatero ndiye kuti aphika nkhani kuseri, ndipo chimene agwirizanacho chikhoza kufafanizidwa. M'mizinda ikuluikulu zimenezi sizivuta, koma ku Ellery, abale, tchalitchi n'chomwecho, malo omwera khofi ndi amodzi omwewo. Mayi Vopat akalowa n'kupeza anzawo atatu a m'bodi ali patebulo, ankatenga kapu yawo n'kukakhala okha pafupi ndi khomo. Bambo Dreiling ankawaseka kuti akhala ngati mkamwini wamanyazi, iwo n'kungoyankha kuti walira mvula walira matope.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala Yesenia Barraza, mayi wachitsikana amene ankadula nyama kufakitale m'mamawa, masana n'kumaphunzira unamwino kukolejiko. Mwamuna wake ankayendetsa malole a maulendo ataliatali, pakhomo ankangoonekera mwa apo ndi apo. Kamwana kawo, Itzel, Yesenia ankakasiya kunyumba yolerera ana imene koleji inatsegulira ophunzira ake. Mayi Vopat ankamukonda Yesenia ngati mwana wobala okha. Iwo ankamupatsa matimati a m'dimba mwawo, iye n'kumawabweretsera matamale, aja okulunga m'makoko a chimanga, akadali a moto.

Ndiye chaka china kunabwera maganizo oti nyumba ya anayo itsekedwe. Denga linali litayamba kudontha, ndipo Bambo Kroeker, mlimi wa ng'ombe amene anakhalitsa m'bodimo, ankanena poyera kuti msonkho wa minda yathu si wominira ana a eni. Sanali munthu woipa, koma akagwira mfundo ankaigwira ngati nkhupakupa. Yesenia anafika pampanda maso ali ofiira, nawauza Mayi Vopat kuti nyumbayo ikatsekedwa iye sukulu aisiya, chifukwa Itzel alibe pomusiya. Mtima wa mayiwa unawawa kwambiri, pakuti nawonso sukulu anailekera mwana wawo woyamba, atasowa womulera. Koma sanalonjeze kanthu. Anangomuuza kuti iwo ndi mawu amodzi chabe pa asanu ndi awiri, ndipo abwere kumsonkhano adzazinenere yekha.

Msonkhano usanafike, kunagwa maliro a mphunzitsi wina wakale, ndipo tauni yonse inasonkhana. Inali nyengo ya chisanu, kunja chipale chofewa chili mbee, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Titachoka kumanda tinakadya m'holo ya pansi pa tchalitchi monga mwa mwambo wathu. Panali nyama ya nkhumba, mbatata zophika ndi tchizi, ndi mabanzi aja oika nyama ndi kabichi m'kati. Yesenia anali m'gulu la amayi ogawa chakudya.

Mayi Vopat atadzaza mbale yawo anayang'ana pokhala, koma holo inali yodzaza. Mpando umodzi wokha ndiwo unatsala, patebulo la Bambo Dreiling, amene anali ndi mamembala ena awiri a bodi, mitu itagundana. Bambo Dreiling anakoka mpandowo n'kuwakodola.

"Lorraine, tabwerani kuno, tikuchita kukudikirani. Ife atatu tagwirizana kale zoti nyumba ya ana isatsekedwe. Mukakhala inu takwana anayi, nkhani yatha, Kroeker akalirira kukhola kwake."

Mayi Vopat anauyang'ana mpandowo, ndipo kunena zoona anaufuna. Miyendo inali itatopa, ndiponso chimene anzawowo ankakonza ndi chomwe iwo ankachilakalaka usana ndi usiku. Anaonanso Yesenia ataima chapafupi, chikombe chili m'manja, akuwayang'ana ndi chiyembekezo.

"Sindikhala pamenepo ine," anatero.

"Aa, inunso! Pamaliro pano ndani angatiwerenge? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mwaiwala?"

Iwo sanayankhe, chifukwa kuyankha kukanakhala kuyamba kukambirana komweko. Anatembenuka ndi mbale yawo, nakwera masitepe, natuluka panja. Anakadyera m'galimoto mwawo, chitseko chotseka, zala zitauma ndi kuzizira. Pomwe ankafika pa mbatata n'kuti mafuta atagwirana kale, ndipo anazimeza mokakamiza, misozi ikulengeza.

Yesenia za lamulo la anthu anayi sankazidziwa. Chimene anaona iye n'chakuti anthu atatu amafuna kupulumutsa mwana wake, ndipo mayi amene ankawakhulupirira anawafulatira. Anauza mnzake wa kufakitale kuti Mayi Vopat amugwiritsa fuwa la moto. Kuyambira tsiku limenelo matamale analeka kudutsa pampanda. Mayi Vopat anapitako kukagogoda, makatani anagwedera koma chitseko sichinatseguke. Akanakhala wina akanaimba foni kapena kutuma munthu, koma mayiwa, ndi kuuma mutu kwawo kuja, anangobwerera n'kukakhala phee m'nyumba. Zinawapweteka zedi, makamaka pamene Itzel ankawabayibitsa pawindo mayi ake n'kumukoka.

Tsiku la msonkhano chipinda chinadzaza mpaka ena kuima m'makoma. Pamisonkhano imeneyi pamakhala nthawi yoti aliyense ayankhule mwachidule, ndipo a bodi amangomvetsera osayankha. Yesenia anaimirira, Itzel atamugwira siketi. Anafotokoza zonse: nthawi imene amadzuka, mmene amathamangira kuchoka kufakitale manja akununkha nyama, ndi mmene watsalira pang'ono kumaliza. Anayang'ana mamembala onse mmodzimmodzi, koma atafika pa Mayi Vopat anadumphitsa maso.

Itakwana nthawi yoponya voti, Bambo Kroeker anakweza dzanja. Anati amva mphekesera yoti nkhaniyi inaphikidwa kale pamaliro, anthu anayi atakhala tebulo limodzi. Ngati zili zoona, anatero, voti ya lero ndi sewero chabe, ndipo iwo akadandaula kwa loya wa boma kuti ifafanizidwe. Aliyense ankadziwa kuti zikatero nkhani idzakokeka mpaka nyumbayo kutsekedwa yokha. Bambo Dreiling, aja a nthabwala aja, thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu.

Mayi Vopat anavula magalasi n'kuwayang'ana Bambo Kroeker.

"A Kroeker, tsiku la maliro lija munafika mochedwa, eti? Munaimika galimoto yanu pafupi ndi ya ndani?"

Bambo Kroeker anakanda m'mutu, nati pafupi ndi ya Mayi Vopat.

"Nanga amene anagogoda pawindo langa kundifunsa ngati batire yafa, ine mbale ili pamiyendo, anali ndani?"

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, ndipo chipinda chonse chinatsatira. Bambo Kroeker nawonso anamwetulira monyinyirika. Anavomera kuti anawapezadi akudyera m'galimoto, ndipo iwo ankangoganiza kuti ndi chisoni cha maliro. Anati ngati wachinayi anali panja akulimbana ndi mbatata zozizira, ndiye kuti patebulo panali atatu, ndipo alibenso chonena. Voti anaponyabe yokana, poti munthuyo sasintha, pamodzi ndi ena awiri. Koma anayi anavomera kuti denga likonzedwe ndipo nyumba ya ana ikhalebe yotsegula, ndipo panalibe amene akanaigwetsa voti imeneyo.

Yesenia anakhala pampando wake kukamwa kuli yasa. Apa m'pamene anazindikira kuti mayi aja akanangokhala pampando uja, ngakhale kwa kanthawi kochepa, Itzel akanasowa kopita. Anthu akutuluka, iye anafuna kuwatsatira mayiwo, koma anachita manyazi. Mayi Vopat ndiwo anamudutsa pafupi, namusisita Itzel kumutu, n'kumufunsa Yesenia ngati adzafune mbande za matimati chisanu chikatha. Za kugogoda kuja sanazitchule, ndipo mpaka lero sanazitchulepo.

Yesenia anamaliza maphunziro ake chaka chotsatira. Kukoleji kwathu anamwino akamaliza amavekedwa kabaji pachifuwa, ndipo aliyense amasankha yekha munthu womuveka. Ambiri amasankha amayi awo kapena amuna awo. Mwamuna wa Yesenia analipo tsikulo, atavala jekete yobwereka, koma dzina limene linaitanidwa linali la Mayi Lorraine Vopat. Anapita kutsogolo akudzikoka, ndipo kabajiko anakaveka mopendama. Ife amene tinali pamenepo tinaombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa, chifukwa ambiri a ife ana athu kapena adzukulu athu anadutsa m'nyumba imene ija.

Mwambo utatha panali chakudya m'holo ya koleji. Mwa tsoka lawo, Mayi Vopat anapezanso Bambo Dreiling ndi anzawo awiri aja atakhala kale pamodzi, ndipo mwa chizolowezi anayamba kuyang'ana kukhomo. Yesenia anawagwira mkono n'kupita nawo patebulo la banja lake, pomwe panali mpando wowasungira pakati pa iye ndi Itzel. Anatsegula kapoto kamene anabwera nako kuchokera kunyumba atakakulunga m'thaulo, ndipo nthunzi ya matamale inatuluka. Anawaikira m'mbale yekha.

"Amayi, tsiku lija munadya zozizira chifukwa cha ine. Lero idyani zikadali za moto."

Mayi Vopat anafuna kunena kuti lamulo ndi lamulo basi, koma anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi, kenaka anakhala pansi nayamba kusenda makoko.