Kambiya Kopanda Phulusa

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha kuzizira. Ndinagona pansi m'khitchini, pakati pa firiji ndi chitseko, popeza nyumba yonse ya mayi aang'ono ku Smethwick, ku England, inali itadzaza ndi anthu odzagona pamaliro. Azimayi anali pabalaza, atayala zitenje pa kapeti. Azibambo anali m'chipinda chakumbuyo ndi m'masitepe, ena akuwodzera chokhala, majekete ali m'thupi. Nyimbo zinaleka msanga dzulo lake chifukwa mzungu woyandikana nafe anagogoda khoma kawiri. Mtembo sunali m'nyumba. Kuno umakhala kwa osunga maliro mpaka tsiku loika, ndipo anthu amalira akuyang'ana chithunzi.

Pachithunzipo panali bambo aang'ono, a Bounmy, amuna awo a mng'ono wa amayi anga. Amalawi ankangowatchula kuti a Boni. Anali munthu wa ku Laos, dziko limene dzina lake sindinalimvepo kusukulu yakwathu ku Dowa. Anakumana ndi mayi aang'ono pachipatala china, kumene mayi anali namwino ndipo iwo ankakankha mabedi a odwala. Ine ndinabwera kudzakhala nawo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atadwala mapapo, ndine ndinkatsala nawo masana mayi akapita ku shifiti.

Ndinatereka ketulo. Pofuna zotakasira tiyi ndinapeza sipuni yawo, yotuwa, yopepuka, ya chogwirira chachitali. Anaisula okha ndi chitsulo cha bomba ali kundende, ndipo sankadyera ina. Nkhani ya sipuniyo anandiuza pang'onopang'ono, m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, ine ndikumvera ndi changa chimenenso chinali choperewera.

Kwawo kunali nkhondo yapachiweniweni. Iwo analowa usilikali wa mfumu, umene unkathandizidwa ndi Amereka. Mng'ono wawo anapita kumapiri kukalowa gulu la achikomyunizimu, limene linkathandizidwa ndi Vietnam. Ndege za Amereka zinaponya mabomba zaka zambiri, ndipo limodzi linagwera m'mudzi mwawo n'kupha mayi awo. Mng'onoyo anatumiza mawu akuti, zawapha ndi ndege za anzako. Achikomyunizimu atapambana, a Boni anawatengera kundende ya m'nkhalango imene ankaitcha semina, n'kukhalako zaka zisanu. Atatuluka anathawa powoloka mtsinje wa Mekong. Mkazi wawo woyamba anawomberedwa ali m'bwato. Kamwana kawo kakakazi kanatengedwa ndi achibale n'kukakulira ku France. Abale awiriwo sanalankhulanenso.

Kutatsala sabata kuti amwalire, anandigwira dzanja. Anati, "Ndikafa mukandiotche, monga timachitira kwathu. Phulusa lipite kwa mng'ono wanga. Wamoyo sindingabwerereko, koma phulusa sadzalifunsa kuti linali mbali iti." Anati anayesapo kuwauza mayi aang'ono, koma mayi analira n'kutuluka m'chipinda. "Iwe ndiwe magazi awo. Adzakumvera."

Ndinati, "Chabwino, bambo." Ine ndimati chabwino kwa aliyense.

Kuchokera tsiku limene anamwalira panapita masiku asanu ndi anayi. Akuluakulu a mpingo anabwera, anakhala pansi, anabukitsa manda, anasankha bokosi. Nthawi iliyonse ndikafuna kutsekula pakamwa, wina ankandituma mkaka kapena mipando, ndipo ndinkathamanga mosangalala kuti ndapeza pothawira. Tsiku lina mayi wina anafotokoza mmene anzake akuntchito anatenthera bambo awo. "Kuotcha munthu ngati zinyalala!" anatero. Onse anapukusa mitu. Inenso ndinapukusa.

M'mawa umenewo ndinadziuza kuti nthawi idakalipo. Ndinawapatsira mayi aang'ono tiyi. Anali atakhala pakona, duku lakuda lili kumutu, maso atatupa. Ndinagwada n'kuwapatsa kapu ndi manja awiri. Anati, "Wagona pati, mwana wanga?" Ndinati m'khitchini.

Kutacha kunali mvula yamawawa, yosakata. Kuseri kwa nyumba anamanga tenti n'kuyatsa mbaula zitatu za gasi. Amayi ankaphika mpunga, nkhuku ndi nyemba, atavala makhoti pamwamba pa zitenje, akukangana za mchere. Anthu anayamba kufika. Ena anachokera ku Coventry, ena ku Wolverhampton, ena ku Leicester pa minibasi. Anamwino ochokera ku shifiti ankangomanga chitenje pamwamba pa yunifolomu n'kulowa akulira kuchokera pageti, monga kwathu, kenaka n'kutsitsa mawu akakumbukira khoma lija. A ku Zambia anabwera ndi ng'oma koma sanaiimbe. Ana obadwira kuno ankadandaula m'Chingerezi kuti nsapato zawo zanyowa. Bambo wina anandikoka malaya. "Iwe, thamanga ukawauze aja asapake magalimoto pakhomo pa mzungu, atiitanira apolisi." Ndinathamanga.

Mapemphero anali ku Oldbury, m'holo imene mpingo umachita lendi. Bokosi analitsekula. Anawaveka suti imene sindinawaonepo atavala, ndi tayi. Timaulusi toyera timene ankamanga padzanja anali atatidula, chifukwa wina anati ndi zithumwa. Anthu anawayamikira kuti anali munthu wofatsa, wokonza magalimoto a anzake osalipiritsa, wokhala kumbuyo m'tchalitchi ngakhale sankamva nyimbo zathu. Palibe anatchula za nkhondo. Ambiri ankaganiza kuti anali Mtchaina.

Ulaliki uli mkati, mwana wawo wa ku France analowa, akuchokera kubwalo la ndege. Anali mayi wamng'ono thupi, atavala zoyera zokhazokha. Mwa chibale chathu ndi mchemwali wanga, ngakhale tinali tisanaonane. Uthenga anamuimbira ndi mayi wina wa ku Congo wa mumpingo mwathu, amene amadziwa Chifalansa, ndipo anangomuuza kuti maliro ali Lachisanu. Anagwada pabokosi, anaphatikiza manja pamphumi, anakhala choncho nthawi yaitali. Ine anandiuza kuti ndimunyamulire chikwama. Zipi inali yotsekuka pang'ono. M'katimo ndinaona kambiya kachitsulo koikamo phulusa la munthu, kokhala ndi chivindikiro chosongoka, kokulungidwa m'nsalu yoyera.

Popita kumanda anatikweza galimoto imodzi, ine ndi iye kumbuyo. Magalimoto anali ambiri, akuyenda pang'onopang'ono, nyali zoyaka. Anandifunsa ngati ndine amene ndinkawasamalira bambo ake. Ndinavomera. Anandigwira phewa. Kenaka anandiuza, akufunafuna mawu a Chingerezi, kuti anawaimbira bambo ake aang'ono ku Laos, mng'ono wa malemu uja. Mkuluyo anati, bwera naye. M'khoma la kachisi wa m'mudzi mwawo muli malo pafupi ndi mayi awo, ndipo anali atayamba kale kuwakonza ndi manja ake.

Ndinati, "Chabwino."

Pageti la manda msewu umagawikana. Kumanzere kuli nyumba ya chumuni kumene amatenthera mitembo. Kumanja ndi kumanda. Galimoto ya bokosi inakhotera kumanja. Mchemwali wangayo anatembenuka n'kuyang'ana nyumba ya chumuni ija pagalasi lakumbuyo. Anandifunsa ngati tasochera. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Dzenje linali lokumba kale, m'mbali mwake atayala nsalu yobiriwira yonga udzu. Pansi pake panali madzi. Mchemwali wanga ataliona anakuwa. Anathamanga n'kugwira lamba wotsitsira bokosi, akulankhula chilankhulo chakwawo, kenaka Chifalansa. Nyimbo inaima pakati. Mayi wa ku Congo uja anabwera kudzamasulira, ndipo mawu anayenda m'gulu monse kuti akufuna awaotche. Ena anati, "Aaa, ayi." Wina kumbuyo anati, "Anali kuti masiku onsewa?"

Mchemwali wanga anatulutsa kambiya kaja n'kukaonetsa. Anati bambo ake sakanafuna kugona m'madzi m'dziko la eni. Anati kuli munthu wokalamba amene akudikira, ndipo sadzadikiranso kachiwiri.

Abusa anali munthu wachilungamo. Anakweza dzanja n'kufunsa ngati malemu anasiya pepala. Panalibe pepala. Anafunsa ngati alipo amene malemu anamuuza zimenezi ndi pakamwa, ndipo anati ngati alipo, bokosi silitsika lero. Mayi aang'ono anali atagwiridwa ndi amayi awiri, akuyang'ana m'dzenjemo. Kunkangomveka mvula pa maambulera.

Mkulu wina wa mpingo anandiloza. "Mnyamata uyu ndiye ankakhala nawo. Iwe, anakuuzapo kanthu?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinaona amene anachokera kutali, amene anasinthitsa mashifiti, amene anaphika pamvula. Ndinaona mchemwali wanga, kambiya kali m'manja. Ndinaona msana wa mayi aang'ono, amene ananditenga kumudzi n'kundipatsa chipinda. Mawu ndinali nawo onse, mmene anandiuzira, ndi dzanja lawo lotentha pa langa.

Ndinati, "Ayi, abusa. Sananene."

Nyimbo inayambanso. Mayi wa ku Congo anamuchotsa mchemwali wanga pa lamba mofatsa, ndipo bokosi linatsika n'kukhudza madzi aja. Ogwira ntchito kumanda anali ataima patali ndi kathirakitala kawo, chifukwa amadziwa kuti ife sitisiyira makina. Timakwirira tokha munthu wathu. Mafosholo anali anayi. Mkulu uja anandipatsa imodzi. "Yamba ndiwe, ndiwe mwana wa pakhomo." Dothi linali lolemera, lomata, losafanana ndi lakwathu. Fosholo yoyamba inamveka kwambiri pabokosi. Ndinaponya mpaka manja anatuluka matuza, ndipo wina atafuna kundilandira ndinakana. Ndinamva mayi wina akuti, "Mwana wabwino uyu, ankawakonda."

Mchemwali wanga sanaponye dothi, sanaikenso nkhata ya maluwa imene anamupatsa. Anaima pansi pa mtengo wopanda masamba, zoyera zake zitadetsedwa ndi matope mpaka m'mawondo.

Kunyumba anthu anasamba m'manja pakhomo, anadya, anayamba kulankhula za ntchito ndi za mapepala. Pofika faifi kunali kutada kale ndipo minibasi ya ku Leicester inanyamuka. Mlendo wa ku France uja anakana chakudya. Anandipempha foni ya m'nyumba. Ndinamukandira khadi loimbira kunja n'kumudinira manambala, kenaka ndinaima pafupi chifukwa sindinadziwe kopita. Ku Laos kunali usiku, koma inangoitana kamodzi. Mawu amene anayankha anali ngati a malemu enieni, kukhosi komweko, kutsokomola komweko. Mchemwali wanga analankhula pang'ono. Kenaka mkuluyo ananena mawu ochepa n'kudula.

Ndinafunsa kuti ati chiyani. Anati, "Akuti bambo anga asankhanso mbali ina."

Takisi itabwera anandigwira manja onse awiri, anaona matuza aja, n'kundithokoza chifukwa chosamalira bambo ake. Kambiya kaja anakasiya patebulo, pansi pa chithunzi.

Madzulo amenewo tinabweza mipando pabalaza, ine ndi mayi aang'ono. Otsala kudzawagoneka anali atakwera m'mwamba. Mayi anakhala pampando wa malemu, anavula nsapato, anayang'ana kambiya kaja.

"Tsiku lija ndinali pachitseko," anatero. "Ndinamva zonse zimene anakuuza."

Kenaka anapitiriza.

"Ukananena, abusa akanakumvera. Ine ndikanatsala ndi chiyani? Ndikufuna poti ndizipita Lamulungu, ndizikakhala, ndizikazula udzu. Wachita bwino, mwana wanga."

Ndinati, "Zikomo, mayi."

Atakwera kukagona ndinatsuka makapu otsala. Sipuni ija ndinaipeza m'mbale ya shuga, wina ataigwiritsa ntchito osadziwa. Ndinaitsuka, ndinaipukuta, ndinapita nayo pabalaza. Ndinaganiza kuti mwina ndingaiike m'kambiyamo, tsiku lina ndidzapeze wopita nako. Ndinavundukula. Sipuniyo inali yaitali, chivindikiro sichinatseke. Ndinayesa chopendeketsa, osatheka. Ndinaitulutsa n'kuigoneka pambali.

Panja mvula inali italeka. Khoma la mzungu linali zii. Pakhomo panatsala nsapato zanga zokha, dothi la kumanda likuuma pang'onopang'ono, ndipo ndinakhala pansi pa kapeti ndikuziyang'ana, osadziwa ngati ndizitsuke.